Wandale kupempha ndalama kwa namwino: msonkhemsonkhe wa kampeni za zaumoyo ku America umayenda bwanji?

Sabata yatha pa gulupu yathu ya sosayite ya maliro kuno ku Mufakose panabuka nkhani imene inatifikitsa pakati pa usiku, ena mpaka data inawathera. Mwana wa achemwali anga ndi namwino ku America, wakhalako zaka zambiri ndipo ndi nzika ya kumeneko tsopano, ndiye anaponya pa gulupu chithunzi cha meseji yomuthokoza kuti wapereka madola 10 ku kampeni ya munthu wina amene akufuna mpando wa kunyumba ya malamulo. Akuti amapereka mwezi ndi mwezi chifukwa munthuyo akulonjeza kuti akalowa akamenyera zoti aliyense azithandizidwa kuchipatala osayamba wafunsidwa za inshuwalansi. Amalume, amene amatisungira chuma cha sosayite, anadabwa zenizeni. Iwo chimene amadziwa, kuno ku Harare ngakhale kumudzi ku Dedza, ndi choti wandale ndiye amabwera ndi zitenje, ma T-shirt ndi kasaka ka mpunga, nanga zinatembenuka liti kuti namwino azisonkhera wandale? Ena anafunsa kuti dziko lolemera choncho anthu akulimbiranabe za chipatala bwanji. Ena amvekere ndi zakuba basi zimenezo.

Ndinalonjeza kuti ndilemba bwinobwino, nde ndi izi amalume, muwerenge mofatsa. Sindikukokerani mbali ina iliyonse, ndikungofuna kuti tikamatsutsana pa gulupu tizidziwa chimene tikutsutsiranacho.

Msonkhemsonkhe wa anthu wamba ndi chani

Pachingerezi amati grassroots fundraising, kutanthauza kuti kampeni ikuyendera tindalama ting'onoting'ono tochokera kwa anthu ambirimbiri, m'malo modalira mabwana ochepa olemba macheke akuluakulu. Ife izi si zachilendo. Sosayite yathuyi palibe mmodzi amene angagule yekha bokosi, kulipira basi ndi kudyetsa anthu masiku atatu, koma poti aliyense amaponya kake mwezi uliwonse, tsiku la tsoka zonse zimatheka. Ngakhale Paper Sunday ku CCAP ndi momwemo, denga la tchalitchi limakwera ndi tima dola ta azimayi ogulitsa tomato ku Mbare Musika. Mutu umodzi susenza denga, kungoti kumeneko denga lake ndi chisankho.

Kale kupempha kotere kunkachitika ndi makalata a pa positi ndi kugogoda khomo ndi khomo, zimene zinkadya nthawi komanso ndalama. Intaneti ndi imene inasintha zinthu. Munthu amene amatchulidwa kwambiri kuti anatsegula njira ndi Howard Dean, dokotala amene anakhalapo bwanamkubwa wa Vermont, pamene ankafuna kuimira chipani cha Democratic pa mpando wa pulezidenti mu 2003 ndi 2004. Sanapambane, koma anthu anaona kuti ndalama zikhoza kubwera kudzera pa kompyuta kuchokera kwa anthu amene sanakumanepo naye. Mu 2004 momwemo kunayambika ActBlue, tsamba limene limalandira ndalama za anthu n'kuzipititsa kwa andale a mbali ya Democratic, tingoti EcoCash yake ya ndale: khadi lako ukalilembetsa kamodzi, ulendo wina umangodina batani basi ndalama yapita. Barack Obama anagwiritsa ntchito kwambiri intaneti mu 2008. Ndipo musaganize kuti ndi za mbali imodzi, Ron Paul wa Republican anatolera madola pafupifupi 6 miliyoni tsiku limodzi mu December 2007, ndipo mu 2019 a Republican anakhazikitsa tsamba lawo lotchedwa WinRed.

Koma amene anachititsa kuti nkhaniyi imveke mpaka kuno ndi Bernie Sanders, senata wa ku Vermont, mu 2016. Pa misonkhano yake ankakonda kufunsa anthu kuti pa avareji chopereka chimodzi chikukhala zingati, chikhamu chonse n'kuyankha kuti madola 27. Ndi tindalama timeneto anatolera madola oposa 200 miliyoni. Apa pali chinthu chimene ambiri sachiona: wopereka pang'ono ukhoza kumubwerera kakhumi, mwezi uno 10, mwezi wa mawa 10, pamene bwana wolemera akangofika pa malire amene lamulo limalola ndiye kuti watha, sungamupemphenso. Amalume mukudziwa inu kuti membala amene amalipira mwezi ndi mwezi osaphonya ndi amene amaimika sosayite, kuposa uja amabwera kamodzi pa chaka ndi chindalama kenako n'kusowa.

Malamulo a ndalama za kampeni

Kampeni ku America ndi yodula koopsa, makamaka chifukwa cha zotsatsa za pa TV ndi pa intaneti, malipiro a antchito, ndi maulendo m'dziko lalikulu ngati limenelija. Chinanso, usanalimbane ndi chipani china umayenera kupambana kaye mapulaimale m'chipani chako, ndiye ndalama zimafunika kawiri.

Nkhani ya chinyengo cha pa ndale yotchedwa Watergate itachotsa pulezidenti Richard Nixon pampando mu 1974, anakhwimitsa malamulo n'kukhazikitsa bungwe loyang'anira ndalama za zisankho, Federal Election Commission, mwachidule FEC. Munthu mmodzi ali ndi malire a zimene angapereke kwa kandideti mmodzi: mu 2016 anali madola 2,700 pa chisankho chilichonse, mu 2024 anafika 3,300, ndipo mapulaimale amawerengedwa paokha. Ukapereka zopitirira madola 200 kampeni imayenera kulemba dzina lako, ntchito yako ndi kumene umagwira, aliyense akhoza kukaona. Makampani saloledwa kupereka ndalama mwachindunji kwa kandideti wa mpando wa boma lalikulu.

Ndiye mufunsa kuti ngati malire alipo, mabwanawo mphamvu amaitenga kuti? Mu January 2010 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mlandu wa Citizens United, majaji 5 mbali ina 4 mbali ina, kuti makampani ndi mabungwe a antchito akhoza kuwononga ndalama mmene angafunire polankhula za chisankho, bola asamapangane ndi kandidetiyo. Chigamulo chimenechi ndi china chimene chinatsatira chaka chomwecho ndi zimene zinabala timagulu totchedwa super PAC, tolandira ndalama popanda malire. Yerekezani kuti lamulo la sosayite likuti membala asapereke zoposa madola 5 pothandiza munthu amene akufuna utcheya, koma wabizinesi wina akuloledwa kubwereka ma kombi 20 ndi zimkuzamawu kuzungulira Mufakose yense kutamanda munthuyo, n'kumati ine sindinakambirane naye. Amene amagwirizana ndi chigamulochi amati kulankhula pa ndale ndi ufulu ndipo boma lisamayeze kuti munthu alankhule mpaka pati. Otsutsa amati mawu a wolemera akumiza mawu a wosauka. Makampeni ambiri a msonkhemsonkhe amadzigulitsa ndi mfundo imeneyi, amalumbira kuti sitilandira ndalama za ma PAC a makampani, makomiti amene makampani amakhazikitsa osonkhetsa ndalama zothandizira andale.

Chimodzi chokha ndichenjeze, chifukwa wina pa gulupu anafunsa ngati nayenso angatumize kudzera kwa mwana wa achemwali. Ayi ndithu. Lamulo la ku America limalola nzika zokha ndi amene ali ndi green card, chilolezo chokhaliratu m'dzikomo, ndipo kupereka ndalama ya munthu wina m'dzina lako ndi mlandu, mukhoza kumuika m'mavuto mwanayo. Kunonso lamulo la Political Parties (Finance) Act la 2001 limaletsa zipani kulandira ndalama za kunja, ndipo boma limagawira ndalama zipani zimene zapeza mavoti osachepera 5 peresenti. Ku Malawi lamulo la zipani la 2018 linaletsa andale kugawa zinthu pokopa mavoti, zija amalume mumanena zija, ngakhale kutsatidwa kwake anthu amakangana nako mpaka lero.

Nanga progressive ndiye kuti chani

Apa sindichedwapo, koma pa makampeni oterewa dzinali mudzalimva kawirikawiri. Ndi dzina limene amadzitcha anthu a mbali ya kumanzere kwa chipani cha Democratic, amene amafuna boma lichite zambiri pa zaumoyo, maphunziro ndi malipiro a antchito, olemera azilipira msonkho wokwererapo. Dzinali ndi lakale, linatchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nthawi ya Theodore Roosevelt, amene chipani chake cha Progressive mu 1912 chinkakamba kale za inshuwalansi ya odwala. Si chipani chapachokha masiku ano, ndi gulu chabe mkati mwa chipani, ndipo nthawi zambiri nkhondo yawo yoyamba imakhala ndi anzawo a m'chipani momwemo. N'chifukwa chake amadalira anthu wamba, poti opereka akuluakulu a chipani kawirikawiri amakhala kumbuyo kwa amene ali kale pampando.

Chipatala cha ku America, pomwe pagona nkhani

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa popanda kumvetsa izi simungamvetse chimene chikumupweteka namwino uja mpaka kuchotsa madola 10 pa malipiro ake.

Ife a ku Malawi tinazolowera kuti chipatala cha boma sulipira pakhomo, mankhwala akhoza kusowa koma dokotala umamuona, za mishoni za CHAM ndi zimene umalipira. Kuno ku Zimbabwe timadziwa zonse ziwiri, kulipira ku kiliniki ya khonsolo ndi medical aid kwa ochepa amene ali pa ntchito yolembedwa. Tsono America yerekezani dziko limene pafupifupi chilichonse chimayendera medical aid, ndipo medical aid yakeyo yamangiriridwa ku ntchito yako. Anthu oposa 150 miliyoni inshuwalansi yawo imadzera kwa owalemba ntchito. Ntchito ikatha, nayonso ili pa chiopsezo.

Izi sizinachite kukonzedwa ndi munthu atakhala pansi. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse boma linaletsa makampani kukweza malipiro mwachisawawa, ndiye pofuna kukopa antchito makampani anayamba kupereka inshuwalansi ya chipatala, kenako malamulo a msonkho anazikomera, zinthu n'kukhazikika choncho. Mu 1945 pulezidenti Harry Truman anapempha kuti pakhale inshuwalansi ya dziko lonse, koma bungwe la madokotala la American Medical Association linalimbana nazo kwambiri, kumati ndi chisosholizimu, mpaka zinagwa. Mu 1965 Lyndon Johnson anasainira Medicare, ya okalamba a zaka 65 kupita m'mwamba, ndi Medicaid, ya osauka, ndipo khadi loyamba la Medicare anapatsa Truman yemwe uja. Bill Clinton anayesa mu 1993 ndi 1994, zinakanika. Kenako mu March 2010 Obama anasainira Affordable Care Act, imene anthu amangoti Obamacare. Lamulo limeneli linaletsa makampani a inshuwalansi kukana munthu chifukwa choti ali kale ndi matenda monga shuga, linalola ana kukhala pa inshuwalansi ya makolo mpaka zaka 26, ndipo anthu mamiliyoni ambiri anapeza inshuwalansi. Komabe anthu oposa 25 miliyoni alibe mpaka pano, m'dziko limene limawononga pafupifupi 17 peresenti ya chuma chake chonse pa zaumoyo, kuposa dziko lina lililonse lolemera.

Ndipo ngakhale uli nayo sikuti wapulumuka. Inu amene munagonekapo m'bale ku chipatala cha pulaiveti kuno mukudziwa mawu oti shortfall, uli ndi khadi la medical aid m'manja koma akukuuza kuti onjezerani mwakuti. Ine zinandichitikira ndi mayi anga aang'ono, tinayenda usiku kugogoda kwa abale kusaka ndalama yoonjezera, sindidzaiwala mmene mtima unkandiwawira kuwasiya pa benchi akubuula. Kumeneko ali ndi chinthu chotchedwa deductible, ndalama imene uyenera kuyamba walipira wekha chaka chilichonse inshuwalansi isanayambe kukuthandiza, ndipo kwa ambiri imakhala madola masauzande. N'chifukwa chake pa tsamba lopempherapo ndalama la GoFundMe mumadzaza anthu a ku America opempha thandizo la bilu ya chipatala, chimodzimodzi mmene timazunguliramo ndi mbale ya chipepeso kuno. Namwino amaziona izi tsiku ndi tsiku, wodwala kuchedwa kubwera chifukwa choopa bilu.

Medicare for All

Mfundo imene makampeni ambiri otere amanyamula ndi yoti Medicare ija ya okalamba ikuzidwe ifikire aliyense. Pachingerezi amati single payer, kutanthauza wolipira mmodzi: zipatala ndi madokotala akhoza kukhalabe apulaiveti, koma bilu yonse imapita ku thumba limodzi la boma lodzazidwa ndi misonkho. Canada imayenda motere, zinayambira m'chigawo cha Saskatchewan mu 1962, ndipo madokotala kumeneko ananyanyala ntchito masiku 23 pokana. Musasokoneze ndi NHS ya ku Britain ya 1948, kumene achibale athu ambiri akugwira ntchito, chifukwa kumene kuja boma ndi limene lili ndi zipatala zambiri komanso limalemba antchito. Chitsanzo chapafupi cha thumba limodzi ndi AIDS levy yathu kuno, ija ya 3 peresenti pamwamba pa msonkho, imene timadulidwa kuyambira 2000, kungoti yathuyi ndi ya matenda amodzi pamene iwo akukamba za chilichonse.

Sanders anapereka bilu yake ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo, mu 2017, masenata ena 16 anasainira nawo, ndipo Pramila Jayapal anapereka ina ku nyumba inayo mu 2019. Palibe imene inadutsa. Ochirikiza amati aliyense adzakhala wotetezedwa, ndalama zimene zimathera m'mapepala ndi phindu la makampani zidzapulumuka, boma lidzatha kunenerera mitengo ya mankhwala, ndipo ngakhale msonkho ukwere banja silidzalipiranso inshuwalansi mwezi ndi mwezi. Otsutsa amati kuwerengera kwina kukuonetsa kuti boma lidzafunika madola oposa 30 thiriliyoni oonjezera pa zaka 10, misonkho idzakwera kwambiri, anthu amene akukhutira ndi inshuwalansi yawo adzalandidwa, zipatala zina zikhoza kutsekedwa ngati boma lilipira mochepa, ndipo amaloza mizere yodikira opaleshoni ku Canada. Ngakhale mabungwe a antchito sagwirizana onse, la anamwino la National Nurses United lili kutsogolo kuchirikiza pamene ena safuna kutaya inshuwalansi yabwino imene anaimenyera zaka zambiri. Pali enanso apakati amene amati boma lingotsegula inshuwalansi yake yoti wofuna alowe, wosafuna akhale kumene ali. Vermont, kwawo kwa Sanders komwe, inayesa kukonza thumba limodzi la chigawo chokha koma inasiya mu 2014 itaona kukula kwa msonkho wofunika, ndipo ku Colorado anthu anaikana pa voti mu 2016.

Tsono apa ndi pamene nkhani ziwirizi zimakumana. Makampani a inshuwalansi, a mankhwala ndi a zipatala ali m'gulu la amene amawononga ndalama zambiri kukopa aphungu ku Washington, ndipo mu 2018 anapanga mgwirizano wotchedwa Partnership for America's Health Care Future wolimbana ndi Medicare for All. Kandideti amene akufuna kusintha bizinesi yawo sangayembekeze kuti amuthandiza, ndiye amatembenukira kwa anthu ngati mwana wa achemwali. Kwa iye madola 10 aja ndi njira yonenera kuti ukakalowa uzikakumbukira kuti takutuma ndife. Maganizo amenewo ine ndimawamvetsa ndipo amandikhudza, koma kumvetsa sikutanthauza kuti zimatheka nthawi zonse.

Kodi zimagwira?

Pena inde pena ayi. Mu June 2018 Alexandria Ocasio-Cortez, mtsikana amene ankagwira ntchito mu bala ku New York, anagonjetsa Joe Crowley pa mapulaimale, munthu amene anakhala phungu pafupifupi zaka 20 ndipo anali ndi ndalama zochuluka kuposa iye kutalitali. Koma Sanders ndi msonkhemsonkhe wake wonse anagonja pa mapulaimale a upulezidenti kwa Hillary Clinton mu 2016, n'kugonjanso kwa Joe Biden mu 2020. Jaime Harrison anatolera madola oposa 100 miliyoni pofuna mpando wa senata ku South Carolina mu 2020 koma Lindsey Graham anapambanabe. Nayenso mpondamatiki Michael Bloomberg, pofuna kuimira Democratic pa upulezidenti, anawononga pafupifupi 1 biliyoni ya m'thumba mwake chaka chomwecho, n'kupambana ku tizilumba ta American Samoa kokha. Ndalama imakufikitsa pa bwalo kuti anthu akumve, kuvota ndi nkhani ina. Ndipo ukapambana mpando umodzi, ku Senate kuli anthu 100 ndipo malamulo akuluakulu ambiri amafuna 60 kuti adutse.

Mafunso amene sanayankhidwe

Loyamba ndi limene akatswiri a ndale akukanganabe: kodi ndalama za anthu wamba zimayeretsa ndale kapena zimaziwotcha? Ena amati zimamasula phungu ku chingwe cha makampani. Ena amati amene amatolera zambiri pa intaneti ndi amene amalankhula mokalipa ndi moopseza, chifukwa munthu amadina batani mtima ukakwiya, ndiye andale odekha amatsalira. Mbali zonse ziwiri za ndale zadzudzulidwapo chifukwa cha mameseji ochititsa mantha, ena mpaka kuika kabokosi kochongeratu koti ndalama izidulidwa mwezi uliwonse munthu osazindikira, okalamba n'kumadabwa akaunti yauma. Ndani ayenera kuteteza anthu amenewa, boma kapena matsamba otolera ndalamawo?

Lachiwiri, kodi anthu wambawo ndi ndani kwenikweni? Amene ali ndi khadi la ku banki ndi madola 10 apadera si amene ali pansi penipeni, ndipo wopanda inshuwalansi uja mwina ndi amene alibe choti apereke. Komanso ndalama zambiri zimachokera kunja kwa dera la kandideti, munthu ali ku California akusonkhera mpando wa ku Kentucky, ndiye phunguyo akalowa azimvera ndani, omuvotera kapena omusonkhera?

Lachitatu ndi la chipatala lenilenilo. Ngati thumba limodzi litatheka, ndani adzalipire zingati, ndipo anthu masauzande ambiri ogwira ntchito m'makampani a inshuwalansi adzapita kuti? Ngati silitheka, kukonza pang'onopang'ono kudzawafikira liti mamiliyoni aja amene alibe kalikonse?

Ndipo pali funso lathu, limene amalume anabwera nalo m'mawa mwake atagona nayo nkhaniyi. Ndime 76 ya malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 imati nzika ili ndi ufulu wolandira chithandizo choyambirira cha zaumoyo, ndipo ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Njira yotumizira tindalama tili nayo kale m'mafoni, luso losonkha tili nalo kuyambira nthawi imene agogo athu ankabwera pa sitima kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Koma kodi munthu amene amapeza ya ufa wa tsiku limenelo angasonkhere wandale? Angalole dzina lake lioneke kuti wathandiza uje, kuno kumene anthu ambiri ndale amazikambira chapansipansi? Nanga ana athu ali ku Johannesburg ndi ku London amene amatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, lamulo la ndalama za kunja limawaika mbali iti? Amalume anafunsanso kuti ku sosayite mabuku timawerenga poyera miyezi itatu iliyonse, nanga wandale amene wadya msonkhemsonkhe n'kukagonja, kapena wapambana n'kusintha mawu, mabuku ake amawerengera ndani? Mwana wa achemwali anayankha kuti malipoti a momwe ndalama zayendera amapita ku FEC ndipo aliyense akhoza kuwaona pa intaneti, koma za kusintha mawuzo anati ayamba waganiza kaye, adzayankha akaweruka ku shifiti ya usiku.